Ngamila Samwa Madzi Masana

12 Malichi

Okondedwa amayi a ana anga,

Lero Lamulungu makina apuma, ndiye ndati nanenso ndikhale pansi ndicheze nanu papepala. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko, inu ndi ana? Apongozi mwendo uja ukuwalola kuyenda? Ine kuno ndili bwino, kungoti kutopa, koma kutopa si matenda.

Mumadandaula kuti pa foni ndimangoti "eya, eya" ngati ndikuyankha wapolisi. M'chipinda muno timagonamo anthu anayi, ndipo mmodzi timamutcha Wailesi. Chimene wamva m'mawa, pofika madzulo mpanda wonse wachidziwa. Ndiye za m'nyumba mwathu ndizilemba, dalaivala wa basi azibwera nazo pamodzi ndi katundu.

Nkhani yabwino ndi yakuti miyezi itatu yapitayo anandiika kukhala mkulu wa mzere. Ndifotokoze kuti mumvetse. Ku fakitale ya nkhuku kuno timaima anthu asanu ndi atatu m'mbali mwa lamba woyenda. Nkhuku zimabwera zososola kale, ife n'kumadula, uyu mapiko, uyu miyendo, ine pachifuwa. M'chipindamo mumazizira ngati m'firiji, ndiye timavala ovolosi ziwiri, epuloni, majombo, magolovesi ndi kachipewa. Munthu akafuna kukataya madzi, avule zonsezo, aponde m'madzi a mankhwala, asambe mpaka m'zigongono, pobwera abwerezenso. Nthawi yonseyo nkhuku zikuunjikana pamalo pake, kapitawo n'kudina batani lofiira, lamba n'kuima. Mzere umene waimitsa lamba kochepa pamwezi ndi umene umalandira kabonasi.

Ndiye ine ndinaika lamulo pa mzere wanga. Kuyambira m'mawa mpaka poweruka palibe kumwa kanthu. Tiyi wam'mawa theka la kapu, masana buledi ndi tchipisi cha mchere wambiri. Mutu ukayamba kugunda cha m'ma 2 koloko, mapiritsi awiri, kumeza ndi malovu, mpeni n'kumapitirira. Miyezi itatu tsopano palibe mzere wotiposa. Anzanga anditcha Ngamila, akuti ndikhoza kuwoloka chipululu mpeni uli m'manja. Muwauze ana aseke.

Ndatumiza kanthu. Chitseko cha kukhitchini chikonzedwe, mbuzi zisamalowe. Nsapato za wachisamba wathu mugule zokulirapo, phazi lake likutengera amalume ake. Za mutu wanu umene mukuti umawawa mukaweruka kumsika, ndaika kabotolo ka mapiritsi athu omwewa m'thumba la jekete. Ndi amphamvu, a m'magolosale a kumeneko sangafanane nawo.

Ndine mwamuna wanu,
Ngamila

23 Epulo

Amayi a ana anga,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndinaiwerenga katatu. Ndakondwa kuti nonse muli moyo. Ine ndili bwino.

Mwandiseketsa ndi nkhani ya kumsika. Ndiye chimbudzi chija chakhala cholipira, chikhalirecho chonyansa? Ndipo mukachoka pa benchi, makasitomala anu a tomato amatengedwa ndi mayi wa pafupi uja? Mwachita bwino kutengera nzeru yanga. Munthu wosamwa sachoka pa malonda. Mng'ono wanu amene mukuti akukunenani kuti mudzauma ngati chikuni, musiyeni, mlamu wangayo pakamwa pake sipanapumepo chibadwire. Kabichi wake agulitse yekha ndi maulendo ake a kuchimbudziwo.

Inenso kuno ndinali ndi wanga wondivuta. Anatipatsa bambo wina wachikulire kuchokera ku mzere wina, wa imvi m'ndevu, wodula bwino ndithu, sindimunamizira. Koma anabwera ndi chibotolo cha madzi n'kuchiika pa shelefu ya pakhomo. Pa nthawi yopuma akumwa, masana akumwa. Kawiri pa tsiku akukweza dzanja, lamba n'kuima. Sabata isanathe anyamata anali atamutcha kale Mpopi.

Ndinamutengera pambali. Ndinati, "Akulu, botolo ili mwabwera nalo kudzathirira dimba?"

Iye anati, "Aaa, ine ndi thupi langa timamvana. Likapempha ndimalipatsa."

Ndinati, "Mzere uno samwa."

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, nkhuku ndinayamba kudula iwe usanamere ndevu. Anzanga amene ndinkaima nawo pa lamba, tandifunsa kuti ali kuti."

Sindinamufunse. Ndinalibe nthawi ya nthano za madala. Ndinapita kwa kapitawo n'kumuuza kuti munthuyu akutidyera bonasi. M'mawa mwake anamutumiza panja kotsuka makireti ndi paipi. Kumeneko malipiro ndi otsika, koma madzi akhuta, si ndi amene amawafuna? Anyamata anandiwombera m'manja. Kungoti ndikamadutsa pabwalo amandipatsabe moni mwaulemu, ndipo zimenezo zimandisowetsa mtendere pang'ono. Bwenzi atanditukwana.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale amalume abwere ndi mawu okoma bwanji. Sopo ndi mafuta zili m'katoni. Ana asamasewere kumsewu.

Ndine wanu,
Ngamila

4 Juni

Amayi a ana,

Moni nonse. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino, kungoti matiresi ano atha, akundipweteketsa msana. Ululu wake umakhala mbali imodzi, kumanzere, pansi pa nthiti. Ndauza Wailesi kuti tisinthane bedi, wakana.

Bonasi tatenganso. Kapitawo anandigwira paphewa pamaso pa anthu onse.

Lachinayi poweruka ndinakhala kaye pa benchi m'chipinda chosinthira zovala. Anzanga anapita, woyeretsa anabwera n'kukolopa mozungulira mapazi anga, ine ndili pompo ndi jombo imodzi m'manja. Sikuti chinalipo chinachake. Kungoti kuvula jombo inayo kunaoneka ngati ntchito yaikulu. Komanso madzi amene ndikutaya masiku ano akumakhala ngati tiyi wopanda mkaka. Anyamata akuti onse ndi chimodzimodzi, ndi kuzizira kwa m'chipinda muja. Mapiritsi awiri sakugwiranso, ndikumamwa awiri katatu.

Mwati kabotolo kaja katha? Mukutafuna ngati mtedza kodi? Ndatumiza kena kakakulu. Chitseko chija ndamva kuti kalipentala wachiika chopendama. Mumuuze kuti ndikabwera tidzaonana.

Lero sindilemba zambiri, ndikufuna ndigoneko dzuwa likadalipo.

Wanu,
Ngamila

16 Julayi

Amayi a ana anga,

Ndamva kuti Wailesi anauza dalaivala wa basi, dalaivala n'kuuza mlamu wanga, inu n'kulira pamsika. Musalire. Ndili bwino tsopano. Sindinagwe pa makina ayi, ndipo palibe chimene andidula. Poti mwamva kale zokokomeza, imvani zenizeni.

Linali Lachiwiri, titangodya masana. Ululu uja unandigwira ngati munthu wandilowetsa mpeni wanga womwe m'nthiti n'kumaupotokola kutsikira kumimba. Ndinavala zilimbe, ndinadula nkhuku zina zisanu. Kenako ndinachoka pa lamba osakweza n'dzanja lomwe. Kuchimbudzi ndinaona magazi. Potuluka ndinasokonekera khomo n'kupezeka pabwalo la makireti, ndipo ndi pomwe miyendo inakana. Amene anandinyamula ndi Mpopi. Bambo wa imvi uja anandibereka kumsana, majombo ndi epuloni zonse, mpaka pa geti. Ku chipatala anakhala nane mpaka madzulo, tsiku lake la ntchito n'kuduka.

Anandigoneka masiku atatu. Tsiku lachiwiri kanatuluka kamwala. Amayi a ana, mukanakaona mukanaseka. Kochepa ngati njere ya mpunga, koma kokhala ndi minga. Kanthu kameneko kundigubuduza pansi ine, bambo wa ana atatu, anamwino akuona. Ndakasunga m'kapepala.

Dokotala wake ndi mayi, wamng'ono kwa inu. Anandifunsa kuti, "Bambo, pa tsiku mumamwa madzi ochuluka bwanji?"

Ndinati, "Masana sitimwa, adokotala. Ndi lamulo la pa mzere."

Anati, "Anaika lamulo limenelo ndani?"

Ndinayang'ana kudenga. Mpopi anali pampando pambali, akumva zonse.

Dokotala atamva za mapiritsi asanu ndi limodzi pa tsiku anaika cholembera pansi. Akuti impso zili ngati sefa, zimafuna madzi kuti zitsuke zoipa. Ukazimana madzi, n'kuziunjikira mchere, n'kumazithira mapiritsi amenewa tsiku ndi tsiku, zimatopa mwakachetechete, osakuuza. Mutu umene unkagunda uja akuti linali ludzu chabe, ine n'kumalitseka pakamwa ndi mankhwala. Kumanzere kwatsala timiyala tina tiwiri, magazi akuthamanganso, ndipo impso zayamba kufooka. Koma akuti ndafika nthawi ikadalipo. Ndizimwa madzi pang'onopang'ono tsiku lonse mpaka otaya aziyera, ndichepetse mchere, mapiritsi aja ndisawakhudzenso, ndipo thupi likati pita, ndizipita.

Anandilembera kalata yoti ndikapereke kwa kapitawo. Ili pansi pa matiresi. Ndiona kaye.

Mbuzi yaswa angati? Mapiritsi aja musamamwe pafupipafupi. Udzu wa kuseri kwa nyumba utchetchedwe, njoka zingalowe.

Ndine mwamuna wanu,
Ngamila

27 Ogasiti

Amayi a ana anga,

Moni kwa inu, ana ndi apongozi. Mwalemba kuti muli bwino, ndathokoza. Ine ndiliko.

Ndinayesa kuchenjera. Ndinati masana ndizikhala Ngamila monga kale, poweruka ndizimwa madzi onse a tsikulo nthawi imodzi. Ndinkafika pa mpopi wa pampanda n'kumwa mpaka mimba kulira ngati chigubu. Masabata anayi ndinatero, ndipo lamba wathu sanaime n'kamodzi komwe. Kenako ululu uja unayamba kugogodanso, chapansipansi, ngati mlendo wodziwa kale khomo.

Tsiku lokayezedwa namwino anayang'ana kabotolo kamene ndinamupatsa, n'kuyang'ana ine. Anati, "Bambo inu, munda mumathirira kamodzi pa mwezi ndi mgolo wonse? Mukunamiza ndani? Ife tilandira malipiro athu ngakhale impso zanu zitaima." Mayi ameneyo alibe mawu ofewa. Manambala a magazi akuti atsikanso pang'ono. Anandionetsa khomo lina kumapeto kwa khonde, kumene anthu amagona pa makina otsuka magazi katatu pa sabata, maola anayi anayi. Ndinasuzumira. Munali bambo wina wa msinkhu wanga akuyang'ana khoma.

Lolemba ndinagula botolo. Ndinaliika pa shelefu ya pakhomo, pamalo pomwe pankakhala la Mpopi. Kalata ya dokotala ndinapereka. Kapitawo anaiwerenga n'kunena kuti iye saletsa munthu kumwa, fakitale sinaletsepo, mpopi uli pakhonde kwa aliyense. Ndipo sananame. Analetsa ndine.

Tsiku limenelo ndinakweza dzanja katatu. Amayi a ana, simungamvetse kulemera kwa dzanja limenelo. Batani likalira, lamba n'kuima, chipinda chonse chimakhala zii, anthu asanu ndi awiri mipeni ili m'manja akukuyang'ana ukuvula magolovesi. Ulendo wachitatu, mnyamata wodula mapiko, amene ndinamuphunzitsa ndekha kunola mpeni, analankhula osandiyang'ana. Anati, "Akulu, paja mzere uno samwa."

Palibe anaseka. Bwenzi ataseka.

Bonasi ya mwezi uno yapita ku mzere wina. Ndiye zimene ndatumiza zachepa, musadabwe. Malata a pakhonde aja adikire kaye. Ndatopa, amayi a ana. Si kutopa kwa manja kuja ayi, ndi kwina.

Ndine wanu

1 Okutobala

Okondedwa amayi a ana anga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli ndi mphamvu. Ine m'thupi mwayamba kupepuka, sindinama.

Anandichotsa pa mzere. Anyamata anapita kwa kapitawo onse pamodzi, ine ndili kuchimbudzi. Sindikuwada. Ali ndi ana, ndipo njira yopita ku ofesi ija ndinawaonetsa ndine. Mkulu wa mzere tsopano ndi wa mapiko uja. Ndamva kuti lamulo langa walikhwimitsa, ngakhale theka la kapu lam'mawa lija akuti ndi lambiri.

Ndili panja kotsuka makireti, ine ndi Mpopi. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo ndi manyazi ngati mkamwini wobwezedwa. Iye anangondiponyera burashi n'kunena kuti, "Yambira uko, a mafuta ambiri ali pansi." Masana anatenga botolo langa n'kulilemba mizere isanu ndi nsonga ya mpeni. Akuti mzere woyamba uthe tisanayambe ntchito, wachiwiri pa nthawi yopuma, choncho mpaka pansi, kenako ndidzazenso. Amabwera ndi chakudya chophika yekha, cha masamba ambiri, mchere wongolawitsa. Masiku oyamba ndinkaona ngati ndikudya pepala, pano lilime lazolowera. Poweruka sitikwera minibasi, timayenda wapansi kudutsa kuseri kwa magalaja. Mutu uja sunagundenso, chikhalirecho sindinamwe piritsi n'limodzi lomwe.

Tsiku lina tikuyenda ndinamufunsa funso lija ndinakana kufunsa, la anzake amene ankaima nawo pa lamba. Anati anali anayi ochokera dera limodzi. Mmodzi ali pa makina aja a kumapeto kwa khonde. Wina anabwerera kwawo atatupa mapazi ndi nkhope, sanathe chaka. Wachitatu anali mng'ono wake weniweni. Pamenepo anasiya, ine sindinakakamize.

Ndinati, "Akulu, ndinakulakwirani."

Anati, "Eya, unandilakwira. Mwana wanga anasiya sukulu temu yathunthu chifukwa cha iwe." Tinayenda pang'ono, kenako anati, "Wamaliza mzere wachinayi? Imwa."

Malipiro a kuno ndi otsika. Mbuzi imodzi yaimuna mukhoza kugulitsa ngati zavuta. Namwino akuti manambala aima, sakutsikanso. Akuti zimene zinawonongeka sizibwerera zonse, koma zotsalazo zikhoza kundifikitsa ku ukalamba ndikazisamala.

Chinthu chimodzi chikundidabwitsa. Kalata yanu yomaliza mawu ndi anu, koma dzanja ndi la mlamu wanga. Mwati munali otanganidwa. Kuyambira liti mumatanganidwa mpaka kulephera kundilembera nokha?

Ndine mwamuna wanu

15 Okutobala

Amayi a ana anga,

Lero sindiyamba ndi moni wa masiku onse. Sindili bwino. Mtima wanga suli m'malo, ndipo kuyambira dzulo chakudya sichikulowa.

Mlamu wanga musamukalipire. Pansi pa kalata yanu, inu mutanena kale zoti nonse muli bwino ndiponso za mbuzi, iye anawonjezera mizere yake. Akuti sabata yatha munagona pansi kuseri kwa benchi mutagwira m'nthiti, tomato akugulitsa ndi iye. Akuti si koyamba. Akuti kabotolo kakakulu kaja katsala pang'ono kutha, ndipo mumameza ouma, opanda madzi. Akuti akakupatsani kapu mumakankha n'kunena kuti, "Bambo a ana amatha tsiku lonse m'firiji, ine ndilephere pamthunzi?" Ndipo akuti mutamva kuti andichotsa pa mzere munasiya ngakhale tiyi wam'mawa, kuti musachoke pa benchi, mukwaniritse pamene ine ndaperewera.

Ndinawerenga nditakhala pa kireti. Mpopi anandifunsa ngati kwagwa maliro.

Mwezi wa Julayi dokotala anandiuza zonse, ndipo ndinadziwa tsiku lomwelo kuti mapiritsi omwewo ali m'nyumba mwanga, otumiza ine. Ndinakulemberani mzere umodzi, n'kuubisa pakati pa mbuzi ndi udzu. Ndinachita manyazi kunena kuti nzeru imene ndinakutamandani nayo ndi yopha. Ndinasamala dzina langa kuposa mkazi wanga. Anyamata a pa mzere sangandimvere, ndayesa, amati nkhalamba yafooka ikufuna anzake. Koma inu ndagwira mwendo wanu, ndimvereni kamodzi kano, monga munandimvera pa zopusa zija.

Kalata ino ikafika, m'mawa mwake musapite kumsika. Mupite kuchipatala ndi mng'ono wanu. Kabotolo kaja mutenge, mukaonetse dokotala, mukamuuze kuti mumamwa angati pa tsiku ndiponso kuyambira liti. Osachepetsa. Mukamuuze za madzi, za mtundu wake potaya, zonse zimene mumachita nazo manyazi. Ayeze magazi ndi mkodzo. Madzi okha sangachotse chimene chakhazikika kale, ndiye musati ndayamba kumwa basi ndachira. Mbuzi yaikazi ija gulitsani, amalume akondwe. Tomato awole, makasitomala apite kwa mayi uja. Chimbudzi cholipira chija muzilipira, kanayi, kasanu pa tsiku, ndipo mng'ono wanu aziyang'ana benchi. Mumuuze kuti mlamu wake wapepesa, pakamwa pake paja ndi pamene panali nzeru.

M'katoni simupeza sopo ulendo uno. Muli botolo langa la mizere isanu, Mpopi wandilembera lina. M'thumba la malaya muli kapepala kopinda, mutsegule mosamala. Ndi kamwala kaja. Mukaike pa benchi pafupi ndi sikelo, kuti tsiku limene mudzafune kukankha kapu muzikaona.

Ana muwauze asiye kunditcha Ngamila. Wachisamba wathu ndamva amanyadira dzinalo kusukulu. Muone ngati amanyamula madzi popita.

Mukamandiyankha, musayambe ndi mbuzi kapena chitseko. Ndipo musalembe kuti muli bwino. Mawu amenewo ndinakulemberani ine miyezi yonseyi magazi akutuluka, ndikudziwa kulemera kwake. Mundilembere zimene dokotala wanena, monga wanenera, ndi dzanja lanu.

Ndidikira pa siteji ya basi Loweruka.

Ndine mwamuna wanu,
bambo a ana anu